Nazo inswa zayamba kunama

Lachiwiri ndinakwera minibasi pa Katete kupita ku Vubwi kukaona alamu anga, amake Tisa. Amenewa ndi akazi a malemu akulu anga, omwe tinawaika m'manda mu Epulo mbewu zili m'munda.

Ulendo wonsewo mvula inkangotichita chipongwe. Pochoka pa Katete kunali kuwaza, mpaka kondakitala anakokera matumba m'kati. Tisanafike ku Chadiza linali fumbi lokhalokha, lolowa ndi m'mano momwe. Kutsogolo pang'ono matope, mbuzi zonyowa zitaunjikana pakhonde la golosale. Kenako fumbi lija labweranso. Mayi wina amene tinakhala mpando umodzi anapukusa mutu nati, "Mvula ya chaka chino ikugawa ngati wogawa nyama paukwati, ikuyang'ana nkhope."

Tonse tinaseka. Ine ndinasiya kuseka nditafika.

Alamu sindinawapeze pakhomo. Ndinawapeza kumunda, atagwada pamzere, akufukula dothi ndi chala.

"Mwafika, alamu? Tabwerani muone."

Anandiika nsawa imodzi m'dzanja. Inali itatupa, itatulutsa kamuzu, koma kamuzuko kanali katauma ngati ulusi wopsa.

"Zonse zili chonchi," anatero. "Mzere uliwonse. Ndayamba kufukula m'mawa."

Mwina mukuti, nsawa basi? Dikirani ndikuuzeni. Zimenezi ndi chalimbana cha amayi athu, zikuluzikulu zija zoti ziwiri zimadzaza m'kamwa. Akulu anga popita ku chikamwini ku Vubwi anazitenga zitamangidwa pakansalu. Chaka ndi chaka ankakhala pakhonde n'kumasankha okha makoko abwino, n'kuwaika m'thumba limene munthu sankaligwira ngakhale ndiwo zisowe chotani. Kwathu mbewuyi inatha kalekale, inatsala kwa iwo okha. Zomwe zinali m'thumba chaka chino zinachokera m'munda womaliza umene anabzala ndi manja awo. Alamu anakumba nsawazo ali m'nsalu za maliro.

Akulu angawo anali ndi lamulo lawo. Aliyense amadziwa kuti chizimalupsa, mvula yoyamba ija yongozima lupsa, si yobzalira. Koma iwo ankapitirira pamenepo. Kumapeto kwa munda kuli chulu chachikulu, ndipo ankati, "Inswa zikapanda kutuluka pachulu ichi, mbewu isatuluke m'thumba. Inswa zimakhala pansi, zimadziwa pamene madzi afika." Anzawo ankawaseka, koma chulucho sichinawanamizepo.

Chaka chino, kumapeto kwa Okutobala, kunagwa chimvula chodzaza mtsinje. Mawa lake inswa zinatuluka pachulu paja, anthu mpaka kudzaza mabeseni. Alamu anaitana amayi anzawo a kumpingo, anasenda thumba lonse, nabzala osasiyako ndi mbale yomwe. Kuyambira pamenepo dzuwa, dzuwa, dzuwa.

"Ndinachita monga ankanenera atate ake Tisa," anandiuza. "Ndinadikira inswa. Nanga ndalakwa chiyani ine, alamu?"

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti nthawi yomweyo mvula inali kugwa. Tinkaiona ndi maso athu pamapiri a ku Mozambiki, yoyera ngati nsalu yoyanika, fungo lake n'kumatifika ndi mphepo. Alamu anaimirira, nkhope atalozetsa komweko. Mvula ija inayenda m'mbali mwa phiri, inakhota, n'kupita.

Akale ankati mvula ikakuona litsiro sikata. Ya masiku ano ikaona wamasiye imakhota.

Kodi inu awerengi mwaona mmene moni wathu wasinthira? Foni ikalira, munthu sakuyambanso ndi "muli bwanji". Akuti, "Kwanu yagwa?" Wa ku Sinda akuti kwawo yasasula madenga. Msuweni wanga wa kuchigwa cha Luangwa akuti nkhuku zikufa ndi kutentha. Tisa, mwana wa alamuwo, anakwatiwa kugombe la nyanja ku Mozambiki, ndipo akuti kwawo madzi alowa m'nyumba. Wa m'phiri wanyowa, wa kutsidya kwa mtsinje akuthirira fodya ndi thukuta. Kale mvula inkagwa ya dziko lonse, tikalira tinkalira limodzi. Lero aliyense akulira payekha, tsiku lake.

Ndiye pali akatswiri a pamsika pa Katete, amene sanagwirepo khasu chichokereni kumudzi. Iwowa akamva zotere amangoti, "Anafulumira. Akagule ina kushopu." Inde kushopu mbewu iliko, ya m'mapaketi okongola. Koma ndani akagule kushopu nsawa za amayi ake? Ndipo amene anadikira chaka chatha, si omwewa munawatcha aulesi, inu akatswiri, mvula itathera m'njira?

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi china. Makolo athu sankasunga mbewu pakhomo limodzi. Munthu akakolola ankatapako mbale kupatsa mlongo wake wa kutsidya, ina kwa mphwake wa kuphiri, kuti kukapsa kuno kukhale kwina kopempha. Mbale imeneyo sinali ya m'poto. Wolandirayo ankadziwa kuti wasungitsidwa. Ife a paboma mwambowu tinauiwala. Wachibale akatitumizira kathumba kuchokera kumudzi, timathokoza bwinobwino, n'kuika chiwaya pamoto.

Alamu anandiperekeza kumsewu. Titafika pamtengo wodikirira galimoto ndi pamene anafunsa, maso ali pansi.

"Alamu, zija ndinakutumizirani mu Julayi, zatsalako?"

Ndinayankha kuti ndikaona.

Nditafika ku Katete sindinavule ndi nsapato zomwe. Akazi anga ananditengera chitini chimene timaikamo nsawa. Zambiri zinapita kunsinjiro za nkhwani, zina tinakazingira alendo. Tinakhuthulira zotsalazo m'lichero, n'kuchotsamo zosweka ndi zofumbwa. Zabwino zinakwana kapu ya tiyi, yosadzaza n'komwe. Ndi chokhacho chatsala cha chalimbana cha amayi athu padziko lino lapansi.

Ndinawaimbira alamu. Ndinawauza kuti yatsala kapu imodzi yokha. Kenako ndinamva akupuma mwa munthu amene akulira.

"Musazikazinge, alamu. Muzibweretse."

"Ndibwera nazo ndekha Loweruka."

"Zikomo. Koma inu ophunzira, mundiuze. Ndibzale liti?"

Pamene ndikulemba pano, mitambo yaunjikananso paphiri la Mphangwe, yakuda bii, ndipo mphepo yayamba kugwedeza malata. Mwina igwa, mwina ikhota. Kapu ija ili pathebulo langa, ndaivundikira ndi sosala. Loweruka ndiinyamula kupita nayo ku Vubwi, kwa mayi amene mwamuna wake anamusiyira chulu choti azichikhulupirira.

Inu amene mumadziwa zonse pamsika paja, tandithandizani. Alamu akandifunsanso, ndikawauze kuti adikire chiyani?