Aphunzitsi ndi Nyenyezi Yokhota

Aphunzitsi a nyumba yoyandikana anapuma ntchito kalekale, koma kuchonga sanasiye. Amachonga makatani a eni, ngakhale kasesedwe ka pakhomo. "Chokhota n'chokhota basi," amatero.

Loweruka, mayi wa khomo linalo ankadula nyenyezi za Khirisimasi pa makatoni ndi mwana wake wazaka zinayi. Ya mwanayo inatuluka ndi nsonga zisanu ndi ziwiri, ina yaitali ngati mchira. Aphunzitsi analowa osagogoda, n'kutenga sizasi, khapu khapu, kuiwongola.

Mayiyo anapsa mtima. M'mawa wonse mwana akulimbana ndi sizasi, lilime panja! Anawaitana ndani?

"Waona, yakongola tsopano. Ipachike," anatero Aphunzitsi.

Mwanayo anatolera tizidutswa pansi. "Pachikani nokha, agogo. Yanga ndi iyi."