Makadi Osala Kudya a Ghassan

Inu amene mwakhala manja ali m'khosi, senderani kuno mumve za mnansi wanga Ghassan.

Tsiku limene makadi ake awiri a kompyuta anapsa, fungo la pulasitiki linafika mpaka kwanga. Munthuyu ankakonza mafiriji mumzinda wa Beirut, koma chuma cha dziko chitagwa, shopu yake inafa. Anabwerera kumudzi kwathu kuno kumapiri, kumene magetsi a mumtsinje sathimathima. Mkazi wake, Nuhad, anavula zibangili zitatu zagolide za paukwati wawo n'kugulitsa. Zinagula makadi asanu ndi limodzi a kompyuta, aja okumba ndalama za pa intaneti.

Koma dyera, abale! Ghassan anawatsegulira magetsi mpaka pamapeto, mu Ogasiti, kunja kukuwotcha. Awiri anapita. Anayi otsalawo akanapsanso, golide yense wa Nuhad akanathera mu utsi.

"Ndawotcha zibangili zanu, mayi a Karim," anatero atazolika.

Nuhad anamuikira khofi. "Atsala anayi. Paja munkati firiji imafa ndi chiyani?"

"Kutentha."

"Nanga tsono?"

Ghassan anayamba kuchepetsa mphamvu ya magetsi yolowa m'khadi lililonse, pang'onopang'ono. Akachepetsa mopitirira, kompyuta inkazima, iye n'kuyambiranso. Masabata atatu akulimbana nazo, chifukwa khadi lililonse linali ndi malire akeake. Kenako makadi anazizira, mafani owaziziritsa anasiya kulira, ndipo ndalama zokumba zinangotsika pang'ono chabe.

Mlamu wake Talal, amenenso ankakumba, anaseka mpaka kugwira khoma. "Alamu, makadi anuwa akusala Ramadani? Anga amadya magetsi ngati alendo a paukwati!"

Ghassan anangomuthirira khofi, n'kupitiriza kupukuta fumbi m'mafani.

Chilimwe chotsatira, makadi a Talal, alendo a paukwati aja, anayamba kufa limodzilimodzi. Kenako kunamveka kuti ndalama ija sidzakumbidwanso ndi makadi, ndipo aliyense anathamangira kukagulitsa ake kwa ochita masewera a pakompyuta. Ogulawo sanali opusa ayi, ankayesa kaye. Makadi a Talal otsalawo anawakana. Koma a Ghassan onse anayi anagulidwa tsiku limodzi, ali amoyo ngati atsopano.

Ndinalipo pamene Ghassan anabwera ndi kabokosi kwa mkazi wake. Munali zibangili ziwiri, zogula ndi ndalama za makadi aja.

"Chachitatu ndi chimene chinapsa chija," anatero mwamanyazi.

"Zitatu zinkandilemera kale," anayankha Nuhad, akutambasula mkono, misozi ili chuchuchu. Sindibisa, inenso ndinalira.

Lero Ghassan ali ndi tebulo lake lokonzerapo makompyuta pamsika, ndipo kasitomala wake woyamba anali Talal yemwe uja.

Tsono inu amene zina zakupserani, musangoyang'ana phulusa. Yang'anani zimene zatsala, muzisamale, muchepetse moto, koma musazimitse. Osataya mtima, anayi anu akadalipo.