Chimwala cha Kuseri kwa Khitchini

Nditakwatiwa kumtunda kuno kufupi ndi Nzama, chaka chimene tinkavotera zipani zambiri, ndinapeza khitchini itamangidwa m'tsinde mwa chimwala chachikulu. Chinkatitchinga kumphepo ya mu Juni, ndipo pamwamba pake ndinkayanikapo ufa. Ndinkachikonda, ndisaname.

Poyanika ufa m'pamene ndinaona mng'alu. Unali ngati ulusi, munkalowa nyerere zokha. Patapita zaka ndinalowetsamo udzu. Mwana wachiwiri atayamba kuyenda, munkalowa chala changa chonse. Masana mwala unkatentha, m'mawa n'kuzizira, dzinja madzi n'kumalowa mumng'alumo. Panalibe ankaumenya, koma unkang'ambika ndithu, pang'onopang'ono.

"Bambo, tisamutse khitchini," ndinawauza amuna anga. "Ana amasewera pansi pa mwalawu."

"Mayi, mwalawu agogo anga anaupeza pomwepa," anatero akukhomera khasu mumpini. "Kapena chala chanucho ndiye chikuwonda?"

Ine ndine waliuma, koma mkangano sindiutha. Ndinangoyamba kuphikira pabwalo, pansi pa mtengo wa pichesi. Kachewere ankafika pambale ndi fumbi, ndiwo zili ndi mchenga. Bambo anapirira masabata angapo, kenako anaumba njerwa akung'ung'udza, n'kumanga khitchini ina patali, pafupi ndi nkhokwe. Ana ndinawaletsa kuseri kuja.

Zaka zinadutsa mwala uli chiimire. Mlendo akabwera, bambo ankati, "Afunseni mayiwa, ukugwa liti mwala?" Manyazi ankandigwira, nthawi zina n'kumadzikayikira ndekha.

Unagwa mu Okutobala, masanasana, kopanda mvula kapena mphepo. Tinali pakhonde tikutong'ola chimanga. Tinangomva phokoso ngati mfuti, fumbi koboo! Theka la mwala linatsetsereka n'kukwirira malo onse a khitchini yakale, mafuwa ndi phulusa lomwe. Ndinayang'ana ana. Onse anali pamphasa, zitsononkho zili m'manja. Ndinalira ndi chimwemwe. Bambo anaima pamenepo nthawi yaitali, atanyamula mwana wamng'ono.

Masiku ano bambo amauza alendo kuti, "Mng'aluwo ndinauona kalekale, n'chifukwa chake ndinasamutsa khitchini." Ine ndimangoti, "Eya, bambo," n'kupitiriza kuyanika ufa pachibenthu chinagwacho, poti n'chosalala ndipo sichifuna kukwera. Adzukulu amakhala pambali panga n'kumaingitsa nkhuku.