Oyilo wa Boti m'Galimoto ya Malemu Amuna Anga

Ndikulemba izi chifukwa abale a malemu amuna anga ayamba kunena kuti galimoto yawo inafera pamsewu chifukwa inkayendetsedwa ndi munthu wamkazi. Ana anga anali kusukulu ku Songea pa tsikulo, ndipo ayenera kudziwa zoona zake.

Amuna anga ankagulitsa usipa wouma ku Mbamba Bay, ndipo sankamwa mowa kapena kusuta. Chokondweretsa chawo chinali galimoto yaing'ono yofiira, yothamanga kwambiri, yomwe anaigula yakale ku Dar es Salaam. Injini yake inkatentha kuposa ya galimoto wamba, motero inkafuna oyilo wapadera wopirira kutenthako. Oyiloyo ankachita kumuitanitsa ku Songea m'chigubu chomata, ndipo wothira m'mabotolo amadzi wa kumsika sankalola kuti ayandikire n'komwe.

Lamlungu lina m'mawa anadzuka akubanika, dzanja lamanzere litafooka. Titawatengera kuchipatala chathu, anati tipite nawo msanga kuchipatala chachikulu ku Mbinga, koma galimoto yonyamula odwala inali itapita kale ndi munthu wina. Ine ndimadziwa kuyendetsa. Ndinatumiza uthenga kunyumba kuti andikonzere zovala ndi makiyi.

Mng'ono wa amuna anga ndi msodzi wokhala ndi boti la injini. Asodzi akuno sanyamuka ulendo wautali asanaisamalire injini, ndipo iwo anafuna kuwachitira akulu awo ulemu womwewo. Nditafika kunyumba ndinawapeza atagona pansi pa galimoto. Anali atakhuthula oyilo yense, n'kuthiramo wa boti, uja amasakaniza ndi petulo kuti apsere limodzi.

“Alamu, mwathiramo chiyani?” ndinafunsa.

“Watsopano, shemeji,” anayankha monyadira, ponditchula monga amachitira m'Chiswahili. “Uja anali wakuda ngati makala. Uyu amandifikitsa ku Nkhata Bay n'kubwerako.”

“Boti lanu silikwera phiri. Oyilo uja mwamuika kuti? Timubwezeremo.”

Analoza mpanda. Mlongo wawo anali atapaka kale pansichi zonse kuti chiswe chisadye, monga timachitira ndi oyilo wotha ntchito.

Ndinanena kuti tifune ngakhale oyilo wa galimoto wamba, koma mwini sitolo anali atatseka n'kupita kukapemphera ku Ndumbi. Amalume a amuna anga, omwe analipo, anaseka.

“Injini ndi injini, mayi. Kodi galimotoyi ndi mwana wakhanda kuti izisankha mkaka?”

“Mwana wanga akufa, inu mukukangana za mafuta,” anatero apongozi anga.

Tinapita kukawatenga odwala kuchipatala. Ndinawauza zomwe zachitika, popeza galimoto inali yawo. Anatsinzina.

“Tiyeni, amayi a ana,” ananong'ona. “Muyende pang'onopang'ono.”

Ndinayendadi pang'onopang'ono. Pachigwa zonse zinali bwino, ndipo alamu anga, omwe anakhala kumbuyo atawagwirira akulu awo, anandiuza kuti ndimve mmene injini ikuyimbira. Titayamba kukwera mapiri a ku Mbinga, nyali yofiira ya oyilo inayaka. Kenako m'injini munayamba kugogoda, utsi wabuluu unatuluka kumbuyo, ndipo pakona ina yokwera galimoto inazima. Sinalirenso mpaka lero.

Dzuwa linali pamutu. Tinawagoneka amuna anga pachitenje mumthunzi, ndipo ndinkawakupiza ndi mpango wanga. Lamlungu msewu umenewo umakhala wa zii. Njinga zamoto zinkadutsa, koma munthu wosatha kukhala tsonga sakwera njinga. Alamu anga anatsegula kutsogolo kwa galimoto n'kuima pamenepo, manja ali lende, osagwira kanthu.

Dzuwa litapendeka panafika lole yonyamula usipa. Tinawakweza amuna anga pamwamba pa matumba, ndipo umo ndi mmene analowera mu Mbinga, munthu amene sankalola fumbi pampando wa galimoto yake. Madokotala anawalandira bwino, koma m'mawa mwake amuna anga anatisiya.

Sindinena kuti akanachira tikanafika msanga. Ndinafunsa dokotala, ndipo anati zimenezo sangazidziwe. Sindinenanso kuti alamu anga anali ndi mtima woipa. Pamaliro palibe amene analira kuposa iwo. Ndikungonena kuti galimoto inafa ndi oyilo wa boti, ndipo ine ndinachenjeza tisananyamuke.

Amene analipo pabwalo pomwe ndinkachenjeza ndi awa: alamu anga asodzi, mlongo wawo, amalume awo, apongozi anga, mkulu wa mpingo amene anabwera kudzapemphera, mayi woyandikana nafe nyumba, ndi ine.