Diso Limene Ndinkatsuka Mobisa

Chizindikiro choyamba chinali manthongo. Linali Lolemba m'sabata yachiwiri ya Sepitembala, nyengo imene fumbi la ku Ndola limalowa ngakhale mumphika wovundikira. Nditadzuka ndinapeza zikope za kumanzere zitamatirana, ndipo nditazinyowetsa munatuluka zachikasu zonanda. Sindinade nkhawa. Munthu wovala diso loikirira amazolowera timanthongo ta m'mawa, ndipo ine ndinali nditavala langali zaka khumi ndi zinayi.

Diso langa lobadwa nalo linawonongeka pamene botolo la chakumwa linandiphulikira kumaso ndikugwira ntchito m'shopu. Madokotala analichotsa, kenako anandiikira la pulasitiki lopakidwa utoto wofanana ndi linzakelo. Anandiuza kuti ndizibwera nalo chaka chilichonse adzalione ndi kulipolisha. Ndinapita kawiri, ndipo nditaona kuti silikuvuta ndinasiya.

Ndimagulitsa nsomba zouma ndi tinsomba ta kapenta pamsika wa Masala. Ndimakhala ku Lubuto ndi amuna anga, a Tembo, amene anagwira ntchito kumgodi mpaka kupuma. Tinakwatirana tonse awiri titafedwa, ndipo pa nthawiyo tinali titatha zaka zisanu ndi chimodzi m'banja. Za disolo ndinawauza tisanakwatirane, iwo n'kunena kuti palibe kanthu. Koma kumva ndi kuona ndi zinthu ziwiri. Malemu amuna anga oyamba anandiona kamodzi ndilibe diso, anatembenukira kukhoma, ndipo msana wawo unandiuza zonse. Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti palibenso mwamuna adzaone chibowo chimenecho.

Choncho diso langa ndinkalitsuka ngati mbava. Kunyumba ndinkadzitsekera m'bafa ndi loko, n'kulitsukuluza msangamsanga ndi madzi a mumgolo amene timasunga mipopi ikauma. Likachita zokakamira ndinkalipala ndi chikhadabo, ndipo nthawi zina ndinkalipukuta ndi sipiriti, ndikudziona kuti ndine waukhondo kwambiri. Kumsika ndiye kunali zoopsa. Fumbi ndi tizinyenyeswa ta kapenta tikalowa kuseri kwa diso, ndinkawerama pansi pa tebulo ngati ndikufuna chinthu chimene chagwa, n'kudzifunditsa chitenje. Ndinkalichotsa ndi manja omwewo ogwira nsomba, kuliika m'kamwa kuti linyowe, kulipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kulibwezera. Nzeru imeneyi anandipatsa ndi bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye pabenchi ya chipatala kalekale. Anati malovu a munthu mwini ndi mankhwala, ndipo ine ndinakhulupirira chifukwa zinandikomera.

Pofika Lachinayi chikope chinatupa. Loweruka ululu unayamba, wobaya kuchokera m'kati mpaka kukhutu. Ndinagula mankhwala odontheza m'kasitolo ka pafupi ndi siteji ya minibasi, ndinagulanso magalasi akuda. A Tembo atafunsa ndinati ndi fumbi chabe, ndipo ndinayankha mwaukali kuti asafunsenso. Amene sanaope ukali wanga ndi Bana Mulenga, mnzanga wogulitsa tebulo loyandikana ndi langa. Anandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ba mayo, ici cinunkha si nsomba iyayi, ni diso lanu. Kabiyeni ku cipatala lelo." Ndinamukwiyira masiku awiri. Lero ndikuvomera kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Chimene chinandichedwetsa si umbuli wokha. Ndinkadziwa kuti kuchipatala akandiuza kuti ndivule diso kwa masiku angapo, ndipo m'nyumba ya zipinda ziwiri munthu sungabise nkhope sabata yathunthu. Ndinasankha kupirira ululu.

Lachitatu la sabata yotsatira ndinadzuka thupi likutentha, tsaya lonse la kumanzere litalemera. Ndinalowa m'bafa, ndinachotsa diso movutikira, ndipo mafinya anatsatira. Nditalitsuka linakana kubwerera. M'kati munali mutatupa moti malo ake anali atachepa. Ndinayesa kanayi mpaka magazi anaoneka. Ndinakhala pansi diso lili m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachita mantha enieni. Ndinatuluka nditaphimba ndi mpango pansi pa magalasi, n'kuwauza a Tembo kuti andiperekeze kukiliniki. Anangovala jekete.

Kukiliniki anandipatsa kalata yopita kuchipatala cha maso ku Kitwe. Tinafika m'mawa wa tsiku lotsatira, tinatenga kadi, tinakhala pamzere. Anayamba kuyeza diso labwinolo ndi zilembo za pakhoma, kenako anatibwezera pabenchi. Panali okalamba a ng'ala, ana a m'manja, ndi amuna awiri ovala mabandeji atsopano. Dzuwa litafika pamutu ndinayamba kung'ung'udza. A Tembo anati kuona maso a nkhono n'kudekha, kenako anazindikira kuti mwambi wa maso sunali woyenera tsiku limenelo, ndipo anayamba kuwerenga chikwangwani cha pakhoma mwachidwi chachikulu. Dzina langa litaitanidwa ndinawauza kuti atsale panja.

Nesi anatenga mafinya ndi kathonje ka pakamtengo kuti akawayeze. Dokotala, mayi wachitsikana wolankhula modekha, anaunika m'chibowo, kenako anapempha disolo. Analiika pansi pa galasi lokulitsa zinthu n'kundiitana kuti ndione ndekha. Chinthu chimene ndinkachiona chosalala chinali ndi mikwingwirima paliponse, ndipo kuseri kwake kunali zoyera zouma zokakamira. Anandifunsa m'mene ndimalitsukira. Ndinafuna kunama, koma ndinatopa, ndipo ndinanena zonse mpaka za m'kamwa.

Sanandikalipire. Anafotokoza kuti m'kamwa, m'manja ndi m'nsalu mumakhala tizilombo tosaoneka, kuti chikhadabo ndi sipiriti zimawononga pulasitiki, ndipo m'mikwingwirimamo ndi m'mene tizilombo timabisala ndi kuswana. Nthawi iliyonse ndikabwezera diso ndinkatibzala m'malo ofunda ndi onyowa. Kenako ananena mawu amene sindidzawaiwala: "Amayi, matendawa alowa m'chikope. Chibowochi chikapola ndi zipsera chimafota, ndipo chikafota palibe diso lingakhalemonso."

Anandigoneka masiku anayi. Jakisoni ankabwera m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo nesi ankatsuka chibowo asanaike bandeji yatsopano. Kutentha thupi kunatsika tsiku lachiwiri, kutupa kunayamba kuphwa lachitatu. A Tembo ankagona kwa mphwawo ku Ipusukilo, ndipo nthawi yoona odwala ikakwana ankabwera ndi phala m'fulasiki. Ine ndinali wokondwa ndi bandejiyo kuposa phala.

Tsiku lotuluka anandiika kachigoba koonekera ngati galasi kogwira malo kuti chibowo chisafote. Diso lakale anati silingabwererenso. Anandipatsa mankhwala odontheza kanayi patsiku ndi ena opaka m'kati mwa chikope, ndipo nesi anati ndiyese iye akuona. Apa ndi pamene panagona vuto. Diso langa lotsalali siliona pafupi popanda magalasi owerengera, ndipo ndikavala magalasi botolo silifika. Madontho atatu anagwera patsaya. Nesi anafunsa amene ndimakhala naye kunyumba, ndipo ndisanamalize kukana anali atatsegula kale chitseko n'kuitana amuna anga kuti alowe. "Ba Tembo, njileni mukwai, musambe m'manja."

Ndinamva madzi akutuluka pampopi nthawi yaitali. Ndinatsinzina diso labwino mwamphamvu, chifukwa sindinafune kuona msana wina ukutembenuka. Ndinamva chala chozizira chikukoka chikope pang'onopang'ono.

"Anabanda, tsegulani labwinolo," anatero a Tembo. "Muzindiuza ngati ndikulakwitsa."

Ndinatsegula. Nkhope yawo inali pafupi kwambiri, lilime litatuluka pang'ono pakona ya mlomo monga amachitira akamakonza wailesi. Ankayang'ana m'chibowo mwenimwenimo, akuwerenga madontho. Ndinalira, ndipo nesi anadandaula kuti misozi ikukokolola mankhwala ake, tiyambirenso.

Tili m'minibasi yobwerera ku Ndola, a Tembo anandiuza kuti kumgodi ananyamulapo anzawo ovulala koposa pamenepo, ndipo chibowo chotsukidwa bwino sichingawaopse. Chimene chinkawapweteka zaka zonsezi, anati, ndi kulira kwa loko ya bafa m'mawa uliwonse, chifukwa ankaganiza kuti ndimawaona ngati mlendo. Ndinachita manyazi aakulu kuposa amene ndinkawathawa aja.

Kuchira kunatenga nthawi. Kwa milungu isanu ndi umodzi a Tembo ankawiritsa madzi, kuwasiya azizire m'kapu yovundikira, kupukuta zikope ndi thonje latsopano, n'kudontheza mankhwala pa nthawi yake. Tinabwerera ku Kitwe katatu. Ulendo wachitatu dokotala anati chibowo chafota pang'ono koma malo alipo. Mu Januwale anayeza chibowo, ndipo patapita milungu itatu ndinalandira diso latsopano. Chikope cha kumanzere chimagwa pang'ono kuposa kale. Imeneyo ndi mphotho ya masiku khumi amene ndinachedwa, ndipo ndidzakhala nayo mpaka kumanda.

Tsopano ndili bwino, ndinabwerera kumsika. Disoli sindilichotsachotsa, chifukwa anandiuza kuti kuligwiragwira kumaputa matenda. Fumbi likandivuta ndimadontheza mankhwala onyowetsa amene anandilembera, ndipo pa tebulo la nsomba sindiligwira ngakhale liyabwe chotani. Likafunika kutsuka ndimayamba ndasamba m'manja ndi sopo, ndimalitsuka ndi zala zokha, sopo wopanda fungo ndi madzi owiritsa ozizira, n'kulitsukuluza mpaka sopo yense atachoka. Tsiku lokalipolisha a Tembo analilemba pakalendala ya kutchalitchi, ndipo sindingalithawe.

Kwa inu amene mumavala diso ngati langa, kapena mukusamala wina wotero, ndikuti malovu si mankhwala, sipiriti si ukhondo, ndipo nsonga ya chitenje ndi ya ntchito zina. Manthongo akachuluka kapena kusintha mtundu, chikope chikatupa, pakamveka ululu kapena fungo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti diso likane kulowa monga ndinachitira ine. Ndipo ngati chikukuchedwetsani ndi munthu amene simufuna kuti akuoneni, yambani mwamupatsa mpata. Mwina mukumuweruza ndi mlandu wa wina.

Ine masiku ano ndimatsukira diso langa patebulo la pabalaza, zenera lili lotsegula kuti ndione bwino. A Tembo amakhala moyang'anana nane atatambasula thaulo loyera, kuti likapulumuka m'manja lisagwe pansi. Loko ya bafa ija anaichotsa n'kukaiika pakhola la nkhuku.