Chitsononkho cha a Kamwendo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, sukulu itandikana ku Sitandade 4, pamene amalume anga a Chimbalanga anandilemba ntchito yokapa madzi m'boti lawo. Boti limenelo linali la injini ya dizilo yakalekale, ndipo linkanyamula asodzi, ufa ndi nkhuni kupita ku chilumba cha Mbenji, n'kubwerako ndi matumba a utaka wouma. Ine malo anga anali pansi, pafupi ndi thanki ya dizilo, chitini m'manja. Fungo la mafuta ndi nsomba linandilowa m'khungu moti ngakhale agalu a kwathu ankandinunkhiza n'kuyetsemula.

Woyendetsa injini anali a Kamwendo, munthu woti anagwirapo ntchito ku Joni, komanso wapampando wa nthambi ya Chipani m'mudzi mwathu. Ana inu simungadziwe. Masiku amenewo munthu wa baji pachifuwa akati mbuzi iyi ndi nkhosa, inu munkangofunsa mtengo wa nkhosayo.

Mlungu womwe ndinayamba ntchito, injini inayamba matenda. Pochoka padoko inkalira bwinobwino. Tikafika pakati pa nyanja, mawu ake ankatsika, boti n'kumakwawa ngati nkhalamba yopita ku maliro a mdani wake. A Kamwendo anatsuka sefa ya mafuta. Anapukuta sefa ya mpweya. Anamira pansi kukaona ngati ukonde wakola chopalasira. Zonse zinali bwino. Ikafooka panyanja, ankazula chotsekera thanki, n'kupisamo kamtengo kuona ngati dizilo alimo, n'kutsekanso, kenako n'kuimenya injini kawiri ndi sipanala. Injini inkadzukadi, ndipo anthu ankaombera m'manja sipanalayo. Pakapita kanthawi inkagonanso.

Tsiku lachinayi a Kamwendo anaupeza mlandu. Anandiloza ndi sipanala yomweyo.

"A Chimbalanga, injini iyi ndayenda nayo zaka zisanu. Yayamba liti kudwala? Mwana uyu ali ndi minyama. Mbenji safuna munthu wodetsedwa."

Amalume sanatsutse. Anati ulendo wa mawa ndi wanga womaliza, Loweruka ndipita ku Chitala kwa azakhali kukalima chimanga. Khasu silinandiopse kwenikweni. Chinandiwawa n'chakuti dzina la minyama likakumata kunyanja, palibe amene adzakukwezenso ngakhale m'bwato la chikuni.

Tsono pali chinthu chimene ine ndekha ndinkamva, poti khutu langa linkakhala pafupi ndi thanki. Chotsekera chake chenicheni chinali chitagwera m'madzi Lamlungu lapitalo, ndipo a Kamwendo anaikapo chitsononkho cha chimanga atachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kuchikhomera zolimba kuti madzi asalowe. Nthawi iliyonse akachizula, thanki inkati fyooo, ngati munthu amene wavuuka pansi pa madzi.

Kulira kumeneko ndinkakudziwa, koma ndinakuphunzira kusukulu ya akuba. Amalume ankabisa zitini za mkaka wotsekemera pansi pa bedi, ndipo ine ndinkaziyendera ndi msomali, iwo n'kumati ndi makoswe. Ukaboola bowo limodzi, umayamwa mpaka masaya kupweteka, mkaka n'kumangobwera madontho. Ukaboola lachiwiri, chitini chimapuma, mkaka n'kumatsika wokha. Koma ndikanafotokoza bwanji zimenezi osadzipereka ndekha?

M'mawa mwake tinanyamuka ndi asodzi odzaza boti. Titafika pakati, mwera unayamba, ndipo injini inasankha nthawi yomweyo kufooka. Mafunde anayamba kutimenya m'mbali. Ine ndinkakapa, madzi n'kumalowa ochuluka kuposa amene ndinkataya. Msodzi wina anayamba kuitana dzina la mayi ake.

"Mwaona?" anakuwa a Kamwendo. "Ndinanena ine! Mwana ameneyu atimiza!"

Ndinaponya chitini pansi.

"Bambo Kamwendo, wa minyama si ine ayi. Ndi chitsononkho chanuchi!"

"Iwe, khala pansi!" anatero amalume, maso ali pa baji ija.

"Mwana wopanda mwambo!" anakalipa a Kamwendo. "Ukudziwa amene ukulankhula naye?"

"Ndikudziwa. Koma injiniyi sikukudziwani."

Ndinachigwira chitsononkho chija ndi manja awiri, n'kuchizula. Thanki inati fyooo, aliyense anamva. Ndikanangochigwira m'manja akanandilanda, choncho ndinachiponya m'nyanja. A Kamwendo ananyamula sipanala, sindikudziwa ngati inali ya injini kapena ya mutu wanga, koma asanamenye chilichonse injini inatsokomola, mawu ake n'kukwera. Boti linadzutsa mphuno. Ndinavula malaya n'kuphimba pakamwa pa thanki kuti madzi asalowe, ndipo ndinakhala pomwepo, msana uli pamtunda, mpaka ku Mbenji. Injini siinafookenso. M'botimo munalibe woombera m'manja. Asodzi ankangoyang'ana mafunde, ena akuluma milomo kuti asaseke.

Titakocheza, amalume ananditengera kuseri kwa mwala.

"Wadziwa bwanji zimenezi?"

Ndikanatha kunama kuti ndinalota. Koma ndinali nditatupa kale ndi matama, ndipo ndinawafotokozera za mabowo awiri. Anawerengetsa zitini zawo m'mutu.

"Ndiye makoswe aja ndiwe?"

Anandikwapula ndi chingwe cha nangula, zikoti zisanu, chitini chilichonse chikoti chake. Atamaliza anati, "Mawa ulawire, madzi sadzikapa okha." Za ku Chitala sanazitchulenso.

A Kamwendo sanapepese mpaka analowa m'manda. Tsiku lotsatira pathanki panali chitsononkho china, choboola pakati ndi msomali, ndipo ndinawamva akuuza asodzi kuti imeneyo ndi nzeru ya ku Joni. Ndinawasiya. Baji inali yawo, malo a m'boti anali anga.

Ndakalamba ndikukonza injini m'mbali mwa nyanja muno, ndipo achinyamata akandibweretsera yofooka amayamba ndi kunditchulira mayina: wakuti anailodza, wakuti anaiyang'ana ndi diso loipa. Ndimawauza kuti mayinawo adikire. Tiyambe taona ngati ikumwa, ngati ikupuma, ndiponso chimene chasintha kuyambira tsiku limene inali bwino. Tsiku lija zinasintha zinthu ziwiri, ine ndi chitsononkho, ndipo anthu akuluakulu anasankha ine chifukwa chitsononkho chinali ndi mwini wake woopsa. Zikoti za mkaka ndinazilandira, zinali zanga. Koma mlandu wa chitsononkho cha munthu wina sindinausenze ndili mwana, ndipo musayembekeze kuti ndiyamba lero ndili ndi mano atatu.