A Glenda Sawerenga Mayina

A Glenda Harnett anali atagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu m'chipinda chapansi pa chipatala china chachikulu mu Brisbane, koma wodwala anali asanamukhudzepo ndi mmodzi yemwe. Ntchito yawo inali yosandutsa matenda kukhala manambala. Dokotala akang'amba munthu, n'kumusoka, n'kulemba zimene wachita, fayilo inkatsikira kwa iwo pakompyuta. Ankawerenga n'kupeza nambala ya bala, nambala ya chimene chinavulaza munthuyo, nambala ya opaleshoni. Boma ndi a inshuwalansi amayang'ana manambala amenewo polipira chipatala. Ukaphonya imodzi, ndiye kuti madokotala asoka munthu ulere.

Aliyense pantchitoyi ali ndi kachizolowezi kake, ndipo ka a Glenda kanali kosawerenga dzina. Fayilo ikatseguka, ankadumpha tsamba loyamba n'kukayambira mkati. Dzina ankaliona potseka. Ankati limachedwetsa: ukangodziwa kuti mwendo wodulidwawo ndi wa Colin, umayamba kuganizira nsapato yake yotsalayo. Lamulo silinkatero ayi. Limati uyambe waona dzina, ndipo akakhala m'bale wako kapena mnansi, utseke pomwepo n'kupatsira mnzako. Kompyuta imasunga zonse, amene watsegula ndi mphindi zimene wakhalamo. Anthu achotsedwapo ntchito chifukwa chosuzumira fayilo ya mlamu. Koma a Glenda ankati achibale oti n'kukumana nawo m'fayilo alibe, choncho lamulolo ankaliyesa la anthu ena.

Amuna awo, a Ray, anali atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Pamaliro a Glenda sanalire. Sikuti anaumitsa mtima dala, misozi sinabwere basi. Patangotha milungu iwiri anagulitsa galimoto ya malemuyo poti inkangodontha oyilo pakhomo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Wade, amene anaphunzirira kuyendetsa pa galimoto imeneyo, anamvera nkhaniyi kwa wogulayo. Anabwera, n'kuima pakhomo la khitchini, nati, "Mayi, inu mkatimu mulibe munthu." Ananyamula chikwama ulendo wa kumadzulo, ku mafamu a nkhosa, n'kusintha nambala. Lamya ya m'nyumba inakhala zaka zinayi ikungolirira otsatsa malonda, mpaka a Glenda anatopa nayo. Anaidulitsa, anakulunga chingwe chake bwinobwino, n'kuiika m'kabati pamodzi ndi mababu akale.

Moyo wawo unangotsala sitima ya m'mawa yochokera ku Ipswich, sangweji ya tchizi ndi tomato, tiyi wopanda shuga, sitima yobwerera. Ndikanena kuti ankavutika ndinama. Sankamva kanthu, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Lachiwiri lina m'mawa kunafika fayilo ya mtundu umene umabwera kawiri kapena katatu pachaka: kuchotsa chala kuphazi n'kukachiika kudzanja. Anzawo amazithawa zimenezi chifukwa zimawadyera theka la tsiku, koma a Glenda ankazilandira. Munthuyo anali wamwamuna. Makina okhomera mitengo ya mpanda anamuphwanya chala chamanthu chakumanja miyezi isanu yapitayo. Tsopano madokotala anali atadula chala chachiwiri cha phazi lake, ndi mfundo zake zomwe, n'kuthera maola khumi ndi limodzi akulumikiza mitsempha yopyapyala ngati ulusi. A Glenda anandanda manambala mosathamanga: fupa, waya wogwira fupalo, mtsempha uliwonse paokha, khungu lophimbira. Chala chinagwira, magazi ankayenda, wodwala anatuluka patatha masiku asanu ndi anayi. Chinatsala ndi kudziwa phazi limene anatengako.

Dokotala anali atalemba mwachidule: tatenga ku phazi lamanja, chifukwa kumanzere chala chachiwiri ndi chachitatu n'zomatana chibadwire.

A Glenda analemba nambala ya zala zomatana, poti nazonso zili ndi nambala yake. Kenako dzanja lawo linangoima pamwamba pa mabatani. Zala zotero anazisambitsapo m'beseni. A Ray ankamutcha mwanayo Kabakha, ndipo iye ankadana nalo dzinalo moti kunyanja ankasambira ndi sokosi.

Anabwerera patsamba loyamba. Wade Raymond Harnett. Tsiku lobadwa ankalidziwa kale. Pansi pake panali nambala ya foni yam'manja. Pamzere wa m'bale woti adziwitsidwe panalembedwa kuti mayi, ndipo nambala yake inali ya lamya ija ili m'kabati. Apa m'pamene anakumbukira mawu amene nesi analemba m'fayilomo, amene anawadutsa theka la ola lapitalo osaima, poti mawu oterowo alibe nambala: wodwala wapempha tiimbire mayi ake asanalowe ku opaleshoni, tayesa katatu, nambala sikugwira.

Sanakomoke, sanafuule. Anatseka fayiloyo, anakankhira mpando pansi pa desiki, n'kukagogoda kwa abwana awo, Bronwyn Tull, amene anayamba naye ntchito m'chaka chimodzimodzi.

"Bron, ndatsegula fayilo ya mwana wanga."

Bronwyn anavula magalasi. "Wakhalamo mphindi zingati?"

"Makumi anayi ndi ziwiri."

"Mayo ine! Glenda iwe, ndakuuza kangati za kachizolowezi kako koyambira kumchira? Khala pansi. Ali bwanji mwanayo? Ayi, usandiuze, tingachimwe tonse awiri." Anapukuta kumaso ndi manja onse. "Tamvera. Iyi ndilemba kuti ndi ngozi, ulandira chenjezo basi. Koma zimene waona zitsale muno. Nambala yake usaikhudze. Ukangoimba, nkhani yachoka m'manja mwanga, ndipo a kumwambaku sadziwa nthabwala. Yatsala miyezi khumi ndi inayi yokha kuti upume, usadzithire dothi wekha."

"Sindinailembe paliponse."

"Iwe umalemba? Umakumbukira nambala ya ndulu ya chaka chomwe tinayamba ntchito." Bronwyn anausa moyo. "Ndilembera ofesi yoona za odwala. Iwo amufunse ngati akufuna kulankhula nawe. Zimatenga mwezi, mwina iwiri."

A Glenda anagwedeza mutu n'kubwerera pamalo pawo. Anamaliza fayilo ya ndulu, ina ya chiuno chothyoka, ina ya mwana amene anameza batire. Zonse anayamba ndi dzina. Nthawi ya chakudya anakakhala pabenchi ya kuseri, pafupi ndi mabini a zinyalala, mbalame za milomo yaitali zikuwadikirira kuti agwetse kanthu. Anadya theka la sangweji. M'mutu munalibe maganizo ambiri. Munali manambala khumi a foni ya Wade, ndi mawu oti katatu. Mwanayo anali atagona pa machira, atamumeta phazi, akudikira mayi ake ayankhe, ndipo anamuuza kuti nambala sikugwira. Kwa miyezi ina iwiri akanakhala akudziwa zimenezo zokha.

Analembera Bronwyn uthenga waufupi: konza pepala la mlandu wachiwiri, ndikumuimbira. Kenako anaimba.

"Halo?" Mawu anali okulirapo, ofanana ndi a bambo ake.

"Wade, ndine mayi ako."

Wailesi inkamveka chapatali.

"Nambala yanga mwaitenga kuti?"

"Kuntchito."

Wade anakulira m'nyumba imene mayi ake sankatchula ngakhale chimfine cha mnansi. Sanafunike kumufotokozera.

"Ndiye akuchotsani ntchito."

"Mwina."

"Ndinakuimbirani."

"Katatu. Ndawerenga. Lamya ija ndinadulitsa ndine, mwanangu. Ndinkayesa sudzaimbanso."

Kenako Wade anatsokomola. "Anzanga akuti ndizivala sokosi kudzanja."

"Chikupindika?"

"Pang'ono. Koma ndikachitsina sichimva kanthu. Akuti mitsempha imamera pang'onopang'ono, mwina chaka."

"Zimatero," anatero a Glenda. Anafuna kuwonjezera zimene amadziwa za mitsempha, koma anayang'ana pansi. Pepala la sangweji linali litanyowa pamiyendo pawo, ndipo anayamba ayang'ana kumwamba kuti mwina kwayamba mvula.

"Mayi? Mulipo?"

"Ndilipo, Kabakha. Usadule."